"I play running" yamuphonyetsa mwayi mnyamata wa ku Kachulu

Inu amalonda amene mumakapikula matemba ku doko la Kachulu m'boma la Zomba, mnyamata amene ndikufuna kukamba panoyu mwina mudamuonapo. Ndi uja wamtali woonda uja, amene galimoto ikangoima iye wafika kale kudzakulandirani dengu, anzake akadafunafuna patapata. Ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Dzina lake ndalibisa dala kuopa kuti anzake angamusandutse choseketsa pa dokopo.

Mnyamatayu ali Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Pa nkhani ya liwiro, kuderako palibe wofika pa iye. Tsiku la masewera a sukulu wezulo ikangolira, anzake amangoona fumbi. Azimayi oonerera amachita kululutira nkumati limenelo ndiye liwiro la mtondo wadooka.

Miyezi ingapo yapitayo aphunzitsi ake adabwera ndi mafomu ochokera ku bungwe lina la mtauni. Bungwelo limafuna achinyamata a luso lothamanga kuti likawayese, ndipo ochita bwino liziwalipirira sukulu. Pakhomo pathu nkhaniyi idalowa ngati mvula yoyamba. Mayi athu amadalira matemba omwewo, ndipo aliyense wa kunyanja akudziwa kuti Chilwa sachedwa kutembenuka. Akuluakulu amatiuza za 1968 ndi 1995 pamene nyanjayi idaphwa, ndipo ife tidadzionera tokha mu 2018 anthu akuyenda wapansi pamalo pamene kale pamadutsa mabwato. Chaka chotero fizi imachita kusowa kolowera.

Fomu ija idali ya Chingerezi. Pa funso lakuti "Sport" mng'ono wanga adalemba kuti "I play running". Pa "Event" adalemba kuti "all of them". Pa "Personal best" adalemba mokhulupirika kuti "very fast".

Mayina atabwera, lake padalibe. Adaitanidwa ndi mnzake wina amene iye amamusiya kutali chaka ndi chaka. Bungwelo silidapereke chifukwa, koma aphunzitsi atafananiza zomwe awiriwo adalemba adagwira pakamwa. Mnzakeyo adalemba mtunda umene amathamanga, ndi nthawi yake pambali.

"Achimwene, nanga ine ndidalakwa pati?" adandifunsa nditapita kumudzi. "Inetu sindidaname. Ndimathamangadi zonse, ndiponso ndimathamangadi kwambiri."

Kunena zoona ndidayamba ndaseka. Koma kuseka kudatha msanga nditadzifunsa kuti ineyo, ndi satifiketi yanga ya Fomu 4, ndikadalemba chiyani. Ku sukulu tidaphunzira Chingerezi cholembera kalata yofunsira ntchito, koma palibe adatiuza kuti wothamanga amadzifotokoza bwanji. Choncho ndidayamba kufufuza, ndipo zimene ndidapezazo ndati ndigawane nanu, poti ambiri a inu muli ndi ana aliwiro amene tsiku lina adzakumana ndi fomu yotereyi.

Nsomba ili ndi dzina

Amene adaimasula nkhaniyi bwino ndi mayi athu, amene sadapite patali ndi sukulu. Titawafotokozera zomwe zidalembedwa pa fomu, adasiya kusankha matemba nkumuyang'ana mnyamatayo.

"Iwe, ndikakhala ku Limbe nkukuimbira foni kuti ku doko kuli bwanji, umandiyankha kuti kuli nsomba zambiri zotchipa? Si umanena kuti matemba beseni mwakuti, makumba mwakuti, mlamba lero kulibe? Nanga anthu a mtauniwo akadziwa bwanji chimene ukugulitsa?"

Apo ndiye padagona nkhani. Munthu wowerenga fomu sadakuonepo ukuthamanga. Ali ndi mulu wa mapepala patebulo, ndipo akufuna zinthu zitatu basi: dzina la mpikisano, muyezo wake, ndi pomwe udachitira. Mawu akuti "very fast" ali ngati kuuza kasitomala kuti mtengo ndi wabwino osatchula ndalama. Amangodutsa kupita pa benchi ina.

Mpira amasewera, liwiro sasewera

Vuto loyamba limachokera mu Chichewa chathu chomwechi. Ife timati masewera a mpira, masewera a nkhonya, masewera othamanga. Zonse ndi masewera, ndiye mwana akamatembenuza m'mutu mwake amangotola mawu akuti "play". Koma Mngerezi mawu amenewa amawasungira masewera monga mpira wamiyendo, mpira wamanja ngakhalenso bawo. Pa liwiro amati "run". Pa zoponya amati "throw". Pa zodumpha amati "do" kapena "compete in".

Chitsanzo chabwino tili nacho konkuno. Asimenye Simwaka adali mu timu ya mpira wa amayi ya Scorchers imene idatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Yemweyo adathamanga mamita 100 ku masewera a Olympics a ku Tokyo amene adachitika mu 2021, ndipo mu 2022 adafika mu ndime yomaliza ya mamita 400 ku masewera a Commonwealth ku Birmingham. Munthu mmodzi, koma Chingerezi chake chili pawiri: "She plays football" komanso "She runs the 400 metres". Mukasinthanitsa mawu awiriwo, wowerenga amadziwiratu kuti wolembayo bwalo sakulidziwa.

Taonaninso kamawu kakuti "the" kali pakatipo. Samati "I run 400 metres" pofuna kutchula mpikisano, chifukwa zimenezo zimangomveka ngati ukunena mtunda umene umathamanga m'mawa pokatenga nkhafi. Ukati "I run the 400 metres" ndiye kuti watchula mjaha weniweni wodziwika. Kamawu kakang'ono ngati kambewa, koma kamasintha nkhani.

Dzina la masewera onsewa pamodzi ndi "athletics". Ndi mmene amanenera ku Britain ndi m'maiko a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi. Ku America amati "track and field", ndipo kumeneko mawu akuti "athletics" amatanthauza masewera a mtundu uliwonse. Tsono pa funso lija la "Sport", yankho lidali liwu limodzi lokha: "Athletics".

Za pa mzere

Mawu akuti "track" akunena njira yozungulira bwalo, yokhala ndi mizere. Kuzungulira kamodzi ndi mamita 400, ndipo amati "one lap". Yotereyi ilipo pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pamene padachitikira masewera a achinyamata a Region 5 mu December 2022.

Mijaha ya pa mzere ili m'magulu atatu. Yaifupi ndi mamita 100, 200 ndi 400. Imeneyi amati "sprints" ndipo wothamanga wake ndi "sprinter". Yapakati ndi mamita 800 ndi 1,500, ndipo munthu wake amadzitchula kuti "middle-distance runner". Maria Mutola wa ku Mozambique, dziko limene lili tsidya lija la Chilwa, adali wa gulu limeneli. Adapata mendulo ya golide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000, ndipo nayenso adayambira ku mpira wamiyendo. Yaitali ndi mamita 5,000 ndi 10,000, ndipo munthu wake ndi "long-distance runner". Mamita 5,000 ndi kuzungulira bwalo ka 12 ndi theka, pamene 10,000 ndi ka 25. Catherine Chikwakwa adaimirira Malawi pa mamita 5,000 ku Olympics ya 2000 ndi ya 2004, ndipo mu 2004 momwemo adatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy.

Apa muona chifukwa chake yankho lakuti "all of them" lidamupweteka mng'ono wanga. Ku sukulu za kumudzi mwana waliwiro amamulowetsa paliponse kuti sukulu ipeze mapointi. M'mawa 100, masana 1,500, madzulo wopatsirana. Koma kwa akatswiri, thupi la mamita 100 ndi lina, la mamita 5,000 ndi linanso. Wolemba kuti amathamanga zonse amaoneka ngati sadadzipezebe. Chofunika ndi kusankha umodzi kapena iwiri yoyandikana nkulemba kuti "I specialise in the 400 and 800 metres".

Palinso mjaha wodumpha timipanda, umene amati "hurdles". Amuna amathamanga mamita 110, akazi 100, ndipo onse ali ndi wa mamita 400. Munthu wake ndi "hurdler". Mnansi wathu Samuel Matete wa ku Zambia adali katswiri wa dziko lonse pa "400 metres hurdles" mu 1991, nadzatenganso siliva ku Atlanta mu 1996. Uja wopatsirana kamtengo anthu anayi ndi "relay", kamtengoko ndi "baton", ndipo gawo la munthu mmodzi ndi "leg". Amene amamalizira amati "I run the anchor leg". Polemba amaika 4x100 kapena 4x400, koma potchula amati "four by four hundred".

Marathoni si liwiro lililonse lalitali

Apa ndiye ambiri timagwa, atolankhani ndi ife tomwe. Munthu akangothamanga kuchoka pa Jali kufika pa msika wina wapafupi timati wathamanga marathoni. Ayi ndithu. "Marathon" ili ndi muyezo umodzi padziko lonse: makilomita 42 ndi mamita 195. Kuchoka mu mzinda wa Zomba kufika ku Kachulu ndi makilomita 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti wa marathoni akafika pa dokopo amakhala asadamalize. Ndi mtunda umene Mike Tebulo adathamanga ku Olympics ya ku London mu 2012, ndi Tereza Master ku Rio de Janeiro mu 2016.

Theka lake, makilomita 21 ndi pang'ono, ndi "half marathon". Wa makilomita 10 pa msewu ndi "10-kilometre road race". Uja ana a sukulu amadutsa m'minda ndi m'madambo ndi "cross country". Ndipo mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, limene timaliona bwino kuchokera kunyanja kukacha bwino, ndi wa gulu la "mountain race". Kulemba kuti "I won a 10 km marathon" kuli ngati kuuza munthu kuti wagula thumba la makilogalamu 50 lolemera makilogalamu 10.

Za pakati pa bwalo

Mawu akuti "field" akunena zodumpha ndi zoponya. Anyamata a kunyanja asazinyoze zimenezi. Munthu amene wakula akukankha bwato ndi nsungwi kuchokera ku Kachulu mpaka ku chilumba cha Chisi ali ndi mapewa amene wa mtauni amachita kukawafuna ku nyumba yonyamulira zitsulo.

Zodumpha zilipo zinayi. Kudumpha patali nkugwera pa mchenga ndi "long jump". Kudumpha katatu motsatizana ndi "triple jump". Kudumpha m'mwamba kupyola kamtengo kopingasa ndi "high jump". Kudumpha mothandizidwa ndi mtengo wautali ndi "pole vault". Ponena amati "I do the long jump" kapena "I compete in the high jump". Munthu wake ndi "long jumper" kapena "high jumper".

Zoponya nazo ndi zinayi. Nthungo ndi "javelin", ndipo ya amuna imalemera magalamu 800, ya akazi 600. Chimbale ndi "discus", cha amuna makilogalamu 2, cha akazi 1. Chitsulo chobulungira ndi "shot", cha amuna makilogalamu 7.26, cha akazi 4. Chachinayi ndi "hammer", chitsulo cha pa waya chimene amachizunguza asadachitaye. Ana a sukulu amaponya zopepukirapo malinga ndi zaka zawo, choncho ndi bwino kulemba kulemera kwa chimene udaponya.

Nthungo, chimbale ndi hamala amati "throw": "I throw the javelin". Koma chitsulo chobulungira chija sachiponya ngati mwala wogendera mbalame mu mpunga. Amachikankha kuchokera pakhosi, nchifukwa chake mpikisanowo umatchedwa "shot put", munthu wake "shot putter", ndipo polankhula amati "I do the shot put".

Amene akuganiza kuti zoponya ndi za azungu amve za Julius Yego wa ku Kenya. Mkuluyu adakulitsa luso lake poonera akatswiri pa YouTube, ndipo mu 2015 ku Beijing adaponya nthungo mamita 92.72 nkukhala katswiri wa dziko lonse.

Kuwina ndi kugonjetsa

Msampha wina uli pa mawu athu akuti kuwina. Mwana akafuna kunena kuti adaposa mnzake amalemba kuti "I won him". Kwa Mngerezi zimenezo zimamveka ngati mnzakoyo adali mphotho ndipo udapita naye kwanu. Chimene umawina ndi mpikisano kapena mendulo: "I won the race". Munthu umamugonjetsa: "I beat him". Ukakhala nambala 2 umati "I came second" kapena "I finished second".

Mpikisano waukulu umayamba ndi ndime zochotsana zimene amati "heats", kenako "semi-final", pomaliza "final". Ndi bwino kunena chilungamo apa. Kupambana mu "heat" si kutenga chikho.

Tsono tifike pa funso lija lidamugwetsa mnyamata wathu. "Personal best", mwachidule PB, ndi nthawi yabwino koposa imene munthu adathamangapo pa mtunda umenewo, kapena mamita ochuluka koposa amene adadumpha kapena kuponya. Yankho lake ndi nambala. Mwachitsanzo, wa mamita 400 angalembe 54.2, nkutchula kuti "fifty-four point two seconds". Wa mamita 800 angalembe 2:08, kutanthauza mphindi 2 ndi masekondi 8. Wodumpha angalembe 6.10 m.

Nambalayo aipeza kuti?

Apa pali vuto lenileni, ndipo si la Chingerezi. Mng'ono wanga sadalembe nthawi chifukwa palibe adamuyezapo. Ku sukulu zambiri za kumudzi wopambana ndi amene wayamba kugunda chingwe, basi. Nthawi palibe amailemba.

Koma masiku ano foni iliyonse, ngakhale ija ya mabatani imene mumaimbira asodzi, ili ndi wotchi yoyezera masekondi. Chotsala ndi kuyeza mtunda. Chenjerani apa. Kuzungulira m'mphepete mwa bwalo la mpira si mamita 400. Bwalo lalikulu la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi limangokwana mamita 346, ndipo mabwalo a kumudzi ambiri ndi ochepera apo. Mwana akayeza nthawi pa bwalo lotere nkulemba kuti ndi 400, akafika ku Lilongwe akachita manyazi.

Ife tidabwereka tepi kwa mmisiri wina womanga nyumba, nkuyeza mtunda pa bwalo la sukulu aphunzitsi a masewera akuonerera. Tidamuyeza katatu masiku osiyana, ndipo aphunzitsiwo adalemba m'buku nkusainira. Pa fomu, nthawi yoyeza ndi dzanja amaisonyeza ndi mawu akuti "hand-timed", ndipo bwalo la udzu kapena fumbi amati "grass track" kapena "dirt track". Mawu amenewa osachita nawo manyazi. Kochi wodziwa ntchito akaona nthawi yabwino ya mwana wothamanga pa fumbi, mwinanso wopanda nsapato, amadziwa yekha kuti pa bwalo lenileni mwanayo adzatsitsa masekondi.

Chimodzi chokha: osawonjezera, osachotsera. Nthawi yabodza ndi zaka zabodza zili ngati kuika matemba abwino pamwamba, oola pansi. Ugulitsa tsiku limodzi, mawa msika wonse wakudziwa.

Kalata yachiwiri

Sabata yatha tidakhala pa khonde, mayi akupeta mpunga, ine ndi mng'ono wanga tikulemba. Zonse zidakwana m'mizere inayi. Woyamba udati "My sport is athletics". Wachiwiri udati "I run the 400 and 800 metres". Wachitatu udayamba ndi "My personal best in the 400 metres is", kenako nambala yake, ndi mawu aja akuti "hand-timed on a dirt track". Wachinayi udatchula mpikisano wa sukulu umene adapambana ndi chaka chake.

Ataiwerenga adakhala chete pang'ono. "Achimwene, ndi zomwezi basi? Ine ndimayesa pafunika Chizungu chakuya."

Ndi zomwezo basi. Palibe liwu lovuta ngakhale limodzi. Anganga athu, amene amamvetsera ali pa mphasa, adangoti liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Ana a mtauni amayamba ali ndi kochi, wotchi ndi wina wowauza mawu oyenera. Athu a ku Kachulu, ku Chisi ndi m'midzi ya m'mbali mwa Likangala amayamba ndi miyendo yokha.

Malawi adayamba kupita ku Olympics mu 1972 ku Munich, ndipo pa maulendo onse mpaka wa ku Paris mu 2024 mendulo sidabwere. Zifukwa ndi zambiri, ndipo zazikulu ndi ndalama, mabwalo ndi makochi. Zimenezo ine ndi inu sitingazithe. Koma mwana asatsalenso pakhomo chifukwa cha mizere inayi, pamene foni ili m'thumba mwanu ndipo tepi ili kwa mmisiri woyandikana naye.

Choncho inu amayi a pa benchi ya nsomba ku Limbe, inu abambo a kaunjika ku Ndirande ndi ku Lilongwe, dulani tsamba lino mulisunge pamodzi ndi makadi a kusikelo. Mwana wanu akadzabwera ndi fomu, mufunseni mafunso atatu amene mumafunsa tsiku ndi tsiku pa malonda: ndi chiyani, nchochuluka bwanji, chachokera kuti.

Kalata ya mng'ono wanga ili mu envulopu, ikudikira mafomu a ulendo wina. Pakadali pano akudzuka mbandakucha, kuthamanga kaye asadapite ku doko. Mukamuona akukulandirani dengu, mufunseni kuti amathamanga chiyani. Pano akuyankhani ndi nambala.